Makaroni a tomato wowotcha ndi tchizi, amene ndinawaonera pa foni

Abale chakudya ichi ndinachizengereza zaka ndithu ndisanachiyese. Ndinayamba kuchiona pa foni kumayambiriro kwa 2021, nthawi ya Covid ija aliyense ali pakhomo, ukatsegula TikTok kapena Facebook umangoona mbale ya galasi yodzadza titomato tating'onoting'ono, pakati apo aika chigumula cha tchizi woyera, athira mafuta, alowetsa mu uvuni, potulutsa asakaniza ndi makaroni basi chakudya chapsa. Ine ndinkangoti aaa izi nzachizungu izi, tchizi wake ameneyo ndikamupeza kuti, komanso ndalama yake yomweyo bwanji osangogula nkhuku.

Anayambitsa ndi mayi wina wa ku Finland amene amalemba za maphikidwe, mu 2019, ndipo kwawoko amachitcha uunifetapasta. Chinandiseketsa nchakuti uuni mchiyankhulo chawo ndi uvuni womwewu, ndiye dzinalo likungotanthauza makaroni a feta a mu uvuni, palibe chozizwitsa. Feta ndi tchizi wa ku Greece, weniweniyo amapangidwa ndi mkaka wa nkhosa, nthawi zina amasakanizako wa mbuzi pang'ono, ndipo amasungidwa m'madzi a mchere nchifukwa chake ukaluma umamva mchere kaye kenako kuwawasa. Wambiri amene ine ndimamuona m'mashelefu kuno ndi wochokera ku Joni ndipo ndi wa mkaka wa ng'ombe, amakoma bwinobwino koma mtengo wake umachita kuyang'ana kawiri nkubweza pamalo pake mwaulemu ngati sunamugwire.

Chimene chinandipangitsa kuti ndiyese si tchizi ayi, ndi tomato. Tinkachokera ku Blantyre kubwerera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, nthawi imene tomato amakhala mbwee, ndiye pa Lizulu paja mukudziwa mmene zimakhalira, galimoto isanaime nkomwe mabeseni afika kale pawindo. Ndinagula ndowa yonse chifukwa chotchipa, mayi wake anaikanso banyira pamwamba, ine mtima mbee. Tafika kunyumba patapita masiku anayi theka la ndowa ija layamba kufewa, ena ayamba kung'aluka, filiji yadzadza, aneba ndawagawira mpaka anayamba kukana. Nde ndinakumbukira vidiyo ija.

Ndinene pompano kuti titomato tating'ono tokhala ngati mabulo tija sitofunika kwenikweni. Eni ake a chakudyachi amakonda titomatoti chifukwa timatsekemera ngakhale nthawi yozizira kwawoko pamene tomato wamkulu amakhala wopanda kukoma. Ife tomato wathu wa nthawi ya chilimwe wopsera kumunda ndi wokoma kale, makamaka wautaliutali uja wa mnofu wambiri ndi madzi ochepa. Ndiye mukapeza tating'onoto gulani, mukapanda kupeza musadandaule, dulani wamkuluyo panayi basi. Chachikulu akhale wakupsa psuu, wofewa uja amene pa msika amakuchotserani mtengo chifukwa mawa awola, ameneyo ndiye mwini wake wa chakudyachi. Wosapsa bwino wotuwa mkati uja ngakhale mumuwotche ola lonse azingowawasa.

Mmene ndimapangira ine, za anthu anayi kapena asanu, ndimatenga tomato wokwana kilo imodzi, kunena kwake apakatikati khumi kapena khumi ndi awiri. Anyezi mmodzi ndimamudula zikuluzikulu, osati tinyenyetswa ngati ta ndiwo chifukwa timapserera. Adyo ndimaika mutu wonse, eee mutu wonse, musachite mantha, adyo akawotchedwa ukali wonse umatha amasanduka wofewa ngati majarini ndipo amatsekemera. Koma apa pali chinthu, ulendo woyamba ndinamusenda nkumudula bwinobwino nkumwaza pamwamba, potulutsa anali wakuda bii ndipo msuzi wonse unkawawa ngati ndathiramo mankhwala a malungo. Pano ndimasiya timano take tili ndi makoko omwe nkutikwirira pansi pa tomato, pomaliza ndimangofinya ndi zala mnofu wake nkutuluka wokha.

Zonsezi zimapita mu mbale yolowa mu uvuni, ine ndili ndi ya galasi ya mphatso ya pa ukwati imene inakhala mu kabati zaka ndi zaka osagwira ntchito, koma thireyi yachitsulo yowotchera nkhuku imagwiranso. Mbale isakhale yaikulu kwambiri moti tomato nkumwazikana, amauma nkupserera, isakhalenso yaing'ono moti nkuunjikana chifukwa pamenepo ndiye mukuwiritsa osati kuwotcha. Angogundana gundana mzere umodzi basi.

Mafuta. Apa mpamene ambiri timalakwitsa chifukwa cha chizolowezi choumira mafuta, ndipo ndikumvetsa mafuta ophikira adula. Koma msuzi wa chakudyachi ndi mafutawo, madzi a tomato ndi tchizi, palibenso china, ndiye mukaika kasupuni kamodzi mudzadya makaroni ouma gwa. Ine ndimathira masupuni aakulu asanu kapena asanu ndi imodzi. Eni ake amagwiritsa ntchito mafuta a olivi ndipo zoona fungo lake limakhala lina, koma ine masiku ambiri ndimathira a mpendadzuwa omwewa ndipo palibe anadandaulapo. Mchere, tsabola wakuda wogaya ngati alipo, ndi kambuzi mmodzi wathunthu womuboola ndi mpeni, mmodzi yekha chifukwa cha ana, fungo la kambuzi ndi tomato wowotcha abale inu simungalimvetse mpaka mutalimva nokha. Ndimasakaniza ndi manja kuti tomato aliyense anyowe mafuta, kenako ndimapatula pakati nkuikapo tchizi.

Tsopano nkhani ya tchizi, imene ndiyo yandipangitsa kulemba zonsezi.

Ndayesa njira zitatu. Yoyamba ndi feta yemweyo, paketi ya magalamu 200, ndinagula kamodzi malipiro atangolowa. Feta sasungunuka ngati tchizi wa pa pitsa uja wotamuka, amangofewa nkupsa m'mbali, ndiye ukamukanya ndi foloko mpamene amasanduka ngati phala. Amakoma, koma mchere wake ngwambiri moti ngati mwathiranso mchere wanu wa nthawi zonse pa tomato mudzamwa madzi usiku wonse. Chepetsani kwambiri, mudzaonjezera pomaliza mutalawa.

Yachiwiri ndi cream cheese, wopaka pa buledi wa m'tizibakuli uja. Uyu kwa ine ndiye amakoma kuposa feta, msuzi wake umatuluka wosalala, wa mtundu wa olenji wotuwirako, ana amanyambita mbale. Alipo wina wosakaniza kale ndi adyo ndi timasamba tonunkhira, ngati Boursin wa ku France amene anthu akunja amakonda kuika m'malo mwa feta, koma wamba yemweyo ali bho, adyo mwaika kale nokha. Mumangomukhuthula pakati pa tomato, kuthira timafuta pamwamba kuti asaume.

Yachitatu ndi imene ndimanyadira, chifukwa ndinaipeza tsiku limene ndinalibe ndalama ya zonse ziwirizo. Chambiko. Eee chambiko chomwechi timamwera ndi shuga kapena kudyera nsima. Mutenge lita imodzi ya chambiko cholimba bwino chopanda shuga, muthiremo theka la supuni yaing'ono ya mchere, muyale kansalu koyera kopyapyala mu sefa, sefayo muikhazike pa mbale yakuya, mukhuthulire chambikocho pa nsalupo nkuika mu filiji usiku wonse. Mmawa mupeza madzi achikasu atsikira pansi, pa nsalu patsala chinthu choyera cholimba chopakika ndi mpeni, pafupifupi kapu imodzi nthawi zina kupitirirako malinga ndi chambiko chake. Ameneyo ndi tchizi wofewa abale, palibe matsenga ena, anthu a ku Lebanon ndi maiko oyandikana nawo amachita zomwezi ndi yogati nkumatcha labneh. Yogati wopanda shuga amagwiranso ngati chambiko chasowa. Nsaluyo ikhale yochapa ndi madzi otentha opanda sopo wonunkhira, ine ulendo wina ndinatenga yochapa ndi safu wamphamvu uja tchizi yense ankamveka ngati zovala za pa chingwe kkkk. Madzi otsikawo musataye, ine ndimakandira mandasi kapena chigumu.

Kungoti tchizi wa chambikoyu sapirira moto waukulu nthawi yaitali, amadukaduka nkukhala timibulu ngati mkaka wowonongeka. Kukoma amakomabe koma maonekedwe ake sapatsa mudyo. Ndiye iyeyu sindimamulowetsa limodzi ndi tomato poyamba, ndimamuika tomato atapsa kale nditatulutsa mu uvuni, kutentha kwa mbaleyo kumakwanira kumufewetsa. Ndipo poti ndi wowawasirako, ndimaika kashuga kotapa ndi nsonga ya supuni pa tomato ndisanawotche.

Wina afunsa za cheddar kapena gouda wachikasu uja poti ndi amene amapezeka msanga. Ameneyo musamuike mu uvuni ndi tomato theka la ola lonse, amatuluka mafuta nkusanduka ngati labala. Mukhoza kumupala nkuwaza pomaliza makaroni ali otentha, zimakhala bwino, koma payekha sapanga msuzi wa kirimu umene tikuufunawu.

Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 200 musanalowetse. Mphindi 30 mpaka 35, kenako ngati tomato sanayambe kuda m'mbali kwezani moto pa 220 kwa mphindi zina khumi. Musadalire wotchi yokha chifukwa ma uvuni athuwa aliyense ali ndi khalidwe lake, wanga amapsereza kumbuyo kumanzere ndiye pakatikati ndimatembenuza mbale. Chimene mukufuna kuona ndi tomato ataphulika, makoko atakwinyika ena atada pang'ono, madzi ake atachepa akubwata limodzi ndi mafuta. Kuda pang'onoko ndiye kukoma kwakeko, musatulutse msanga poopa kupsereza. Tomato wamkulu wodula amatulutsa madzi ambiri kuposa tating'ono tija ndiye amafuna nthawi yoonjezerako, ndipo mbali yodulayo iziyang'ana kumwamba kuti madzi aziuluka.

Nanga magetsi akazima, kapena uvuni mulibe? Zinandichitikira ulendo wachitatu, ndangolowetsa mbale mphindi zisanu thii, nyumba yonse zii. Ndinakwiya koma kenako ndinati kodi agogo chigumu ankaphika ndi uvuni wa ndani. Ndinakoleza mbaula, nkusamutsira zonse mu poto wachitsulo wopanda zogwirira za pulasitiki, pansi ndinasiya makala ochepa kwambiri, ambiri ndinaika pamwamba pa chivundikiro cha lata, ndendende mmene timaphikira chigumu kapena chikondamoyo. Mbale ya galasi musaikhazike pa makala chonde, imasweka. Zinatenga mphindi ngati 40, ndinkasuzumira kawirikawiri mosamala kuti phulusa lisagweremo, ndipo chakumapeto ndinatsegula pang'ono mbali imodzi kuti nthunzi ituluke chifukwa poto wovundikira amasunga madzi. Zoona zake, wa pa mbaulayo anakoma kuposa wa mu uvuni, kautsi kaja kanalowerera. Pano magetsi ngakhale alipo nthawi zina ndimangokoleza mbaula dala, mayunitsi nawonso akupuma.

Tomato ali pamoto mpamene mumaphika makaroni. Kwa kilo ya tomato ine ndimaika magalamu 300 mpaka 350, ndiye kuti paketi ya magalamu 500 ija kusiyako magalamu 150 mpaka 200. Ulendo wina alendo atabwera ndinakhuthula paketi yonse osaonjezera tomato, zinatuluka zotuwa msuzi wosakwanira, ndiye mukachulutsa makaroni chulutsaninso tomato ndi tchizi. Mtundu wake uliwonse, koma afupiafupi okhala ndi mphako kapena opotana aja amagwira msuzi bwino kuposa supageti. Madzi akhale ambiri, awire kaye bwatabwata, muthire mchere wokwanira kuti mukalawa madziwo muumve, kenako makaroni. Mafuta m'madzimo musathire, ndikudziwa ambiri tinaphunzira choncho kuti asamatane koma amangoyandama pamwamba, chothandiza ndi kutakasa ndi mthiko mphindi ziwiri zoyambirira basi.

Ndipo tisamaphike makaroni mpaka kusanduka phala abale. Onani mphindi zimene alemba pa paketi muchotsepo imodzi, mulume kamodzi, akhale ofewa koma pakati pakumveka kulimba pang'ono, chifukwa akapsanso akalowa mu msuzi wotentha uja. Mayi anga akabwera amati sanapse awa, ndiye awo ndimawasiyira pamoto kanthawi, sitikangana.

Musanakhetse madzi tungani kapu imodzi muike pambali. Ichi ndiye chinsinsi chimene mavidiyo ambiri amangodutsapo mwachangu. Madzi oyererawo ali ndi sitalichi wochoka ku makaroni, ndipo ndi amene amagwirizanitsa mafuta ndi tchizi kuti zikhale msuzi umodzi wosalala m'malo moti mafuta akhale paokha tchizi payekha. Komanso makaroniwo musawatsuke ndi madzi ozizira mukakhetsa, mukutsuka chinthu chomwecho chimene chimapangitsa msuzi kumata.

Tsopano tulutsani mbale ija, samalani ndi yotentha zedi. Chotsani kambuzi ngati muli ndi ana, ine ndimamuika pa kambale ka bambo a kunyumba. Finyani adyo uja m'makoko mwake, tengani foloko mukanye zonse pamodzi, tomato, anyezi, adyo, tchizi, mpaka zisanduke msuzi wokhuthala. Makoko a tomato wamkulu amasendeka okha, ndimatolako akuluakulu ndi foloko chifukwa mwana wanga wamng'ono akaona khoko limodzi basi chakudya chonse chalakwa, ena onse ndimasiya. Thirani makaroni, sakanizani, kenako madzi aja pang'onopang'ono, mwina theka la kapu, mpaka muone kuti zikunyezimira ndipo zikuterereka pa supuni. Zioneke ngati zachuluka madzi pang'ono chifukwa pofika patebulo makaroni amakhala atamwa. Lawani mchere pamenepa.

Eni ake amamaliza ndi timasamba tonunkhira totchedwa basil. Ndinadzala kamtengo kake mu chitini cha penti kuseri kwa khitchini, kamamera mosavuta bola madzi ndi dzuwa. Tsiku limene apongozi anga anabwera anandipeza ndikuthyola, ananunkhiza nkuti kodi mayi mwayamba kudyetsa ana anga mpungabwi wothamangitsira udzudzu? Ndinaseka mpaka misozi, koma sanalakwitse kwambiri, ndi zapachibale zomerazi, fungo limapita kumodzi. Anadya, anaonjezeranso kachiwiri, koma timasamba tonse tobiriwira anatikankhira m'mbali mwa mbale bwinobwino. Ngati basil mulibe siyani, kapena dulani masamba a anyezi wobiriwira. Ndayesaponso kuponyamo bonongwe wanthete wodzadza manja awiri mu poto wa makaroni mphindi imodzi yomaliza, nkukhetsera limodzi, zinayenda bwino kwambiri ndipo ana anadya masamba osadziwa.

Za nyama, chakudyachi chilibe nyama ndipo kwathu kuno zimenezo ndi mlandu. Bambo a kunyumba tsiku loyamba anavundukula mbale, kuyang'ana, kutakasa ndi supuni ngati akufuna chinthu chotayika, nkufunsa kuti ndiwo zake zili kuti. Ndinati ndiwo ndi zomwezo, nsima ndi zomwezonso. Anadya chete. Cha m'ma 9 koloko usiku ndinawamva ku khitchini akufunsa mtsikana wathu wamkulu ngati mkute wa masana unatsalako. Ndiye pano ndimakazinga masoseji awiri atatu nkuwadula mawilo mawilo kapena kunyotsola nkhuku yotsala dzulo nkusakanizamo, mtendere unabwerera m'nyumba. Ine pandekha ndimakonda zopanda kanthu, nyama imaphimba kukoma kwa tomato uja, koma ndi maganizo anga chabe.

Nthawi ya dzinja sindimapanga kawirikawiri. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi tomato amadula, kamulu ka anayi mtengo wake ngati wagolide, ndipo amakhala wamadzimadzi wowawasa. Ndikakakamizika ndimaonjezera supuni imodzi ya tomato wa m'chitini wokhuthala uja ndi kashuga pang'ono, nkuwotcha nthawi yotalikirapo. Zimadyeka koma sizifika pa za mu Ogasiti ndi Seputembala. Chimene ndinaphunzira nchakuti tomato akatchipa ndimawotcha mathireyi awiri atatu opanda tchizi, akazizira ndimaika m'timapepala ta pulasitiki nkuponya mu filiza, tsiku lofuna ndimangotenthetsa mu poto nkuikamo tchizi wa chambiko uja. Bola magetsi asachite kuzima masiku awiri otsatizana.

Zikatsala zimalimba mu filiji chifukwa makaroni amapitiriza kumwa msuzi, ndiye potenthetsa thirani timadzi kapena timkaka pang'ono mu chiwaya, moto wochepa, muzitakasa. Zimakhala masiku awiri bwinobwino, kupitirira apo ine sindimasunga. Sabata yatha ndinamuikira wamng'ono uja mu kabokosi kake ka kusukulu, pobwera kabokosi kali mbee ngati katsukidwa, ine kusangalala kuti mwana wadya. Pomufunsa akuti anasinthanitsa ndi mnzake, iye anapereka makaroni onse mnzakeyo anamupatsa zitumbuwa ziwiri ndi kamba, ndipo akuti mnzakeyo wati Lachisanu ndimuikirenso koma ndichulutse tchizi.